Nyimbo zopanda do: zomwe amaphunzira opeka nyimbo kumayunivesite a ku Ulaya ndi America

Anthu ambiri akamva kuti wina akupanga digiri ya kupeka nyimbo ku Vienna kapena ku New York amaganiza kuti tsiku ndi tsiku amakhala pa piyano kusaka kachuni kokoma koti mawa kaphulike pa wailesi. Ayi ndithu. Nyimbo zambiri zomwe amazisanthula m'makalasi amenewa, makamaka zolembedwa kuyambira cha m'ma 1910 kubwera kuno, mukazimva koyamba mutha kuganiza kuti oyimbawo akadatchuna zida, mulibe kolasi yoti muyimbe nawo, mulibe poti mugwedeze mutu, nthawi zina olo kuti yatha simudziwa mpaka wotsogolera atatsitsa manja. Koma anthu amalipira fizi zaka zitatu kapena zinayi kuphunzira zimenezi, ndipo ine ndikuti n'zoyenera kuphunziridwa, bola munthu adziwe komwe zinachokera, chifukwa pafupifupi sitayilo iliyonse mmenemu inabadwa poyankha vuto limodzi lomwelo.

Vutolo aliyense amene anayimbako kwaya alimva msanga. Kuyambira cha m'ma 1600 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyimbo za ku Ulaya zinkayenda ndi do, mmene zimayendera za m'buku la kutchalitchi. Do ndiye pakhomo, nyimbo imachoka kupita kwa fa, kukafika kwa so, apo khutu limayamba kulakalaka kubwerera, nde ikafika pa do aliyense mtima pansi, olo munthu woti sadziwa noti ndi imodzi yomwe amamva kuti tafika. Ndiye opeka a m'ma 1800 anayamba kuchita dala kuchedwetsa kafikidwe kaja. Richard Wagner mu opera yake ya Tristan und Isolde, yomwe inaonetsedwa koyamba ku Munich mu 1865, amakusiyani m'malere pafupifupi maola anayi, makodi akungosinthasintha osakhazikika, kufika kwenikweni kumadzachitika kumathero. Zitafika apa funso linali loonekeratu, nanga titapanda kubwererako n'komwe?

Amene analimba mtima ndi Arnold Schoenberg wa ku Vienna, cha mu 1908 ndi 1909 anayamba kulemba nyimbo zopanda do. Koma pompo anagwa m'vuto lina, iye ndi ophunzira ake awiri, Alban Berg ndi Anton Webern. Do uja ndi amene ankauza wopeka kuti apa tayamba, apa tili pakati, apa titseke, ndiye atachotsedwa nyimbo zinayamba kufupika modabwitsa, zina za Webern sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo zotalikirapo zambiri zinkatsamira pa mawu a ndakatulo kapena sewero kuti zisagwe. Zinamutengera Schoenberg zaka zoposa 10 kupeza chogwirizira china, ndipo pakati pa 1921 ndi 1923 anakhazikitsa njira ya manoti 12 yomwe mpaka lero ophunzira amapatsidwa ngati asayimenti.

Imayenda chonchi. Pa kiyibodi kuchoka pa C usanafike pa C wotsatira pali makiyi 12, oyera 7 akuda 5. Umasanja manoti onse 12 mu mzere mmene iwe wafunira, noti iliyonse kamodzi, ndipo subwereranso pa noti yomwe yadutsa mpaka ena onse aja atamveka, cholinga pasapezeke imodzi yodzimva ufumu. Mzerewo utha kuuyimba mmene ulili, kapena chobwerera m'mbuyo kuyambira kumapeto, kapena chadodolido, kuti pomwe unakwera masitepe atatu utsike atatu, kapenanso chadodolido chobwerera m'mbuyo. Njira 4 zimenezi iliyonse itha kuyambira pa noti iliyonse mwa 12 aja, zonse pamodzi 48, ndipo ophunzira amajambula tebulo la mabokosi 12 chopingasa 12 chotsika kuti aziona zonse pa pepala limodzi. Kudzaza tebuloli sikuvuta, masamu a ku sekondale basi. Povuta ndi poti mzerewo sukuuza kuti noti iti italike, iti ifuule, chida chiti chiyimbe, pati popumira, ndiye anthu awiri atha kutenga mzere umodzi wina n'kutulutsa chinthu chogwira mtima wina n'kutulutsa phokoso lachabe. Berg mu 1935 analemba nyimbo ya vayolini ndi okestra pokumbukira mtsikana amene anamwalira ali ndi zaka 18, mzere wake anausanja mochenjera moti mkati mwake mukubisala makodi akale aja, ndipo chakumapeto imatsetserekera mu nyimbo ya kutchalitchi yokonzedwa ndi Bach, wopeka wakale wa ku Germany. Amene amati njira imeneyi ilibe mtima ayambe wamvera imeneyo.

Musaganizenso kuti amangoyambira pamenepa. Zaka zoyambirira zimatha ndi malamulo akale, kulemba mizere inayi ya kwaya mmene ankachitira Bach, kulukanitsa mizere iwiri kapena itatu motsatira buku la Johann Joseph Fux la mu 1725 lomwe anaphunzirira a Haydn ndi Beethoven omwe, ndipo soprano ndi besi zikangoyendera limodzi zitatalikirana masitepe asanu lekichala amazunguliza ndi cholembera chofiira. Kulinso kalasi yophunzitsa khutu, wina ayimbe pa piyano iwe ulembe zomwe wamva. Schoenberg mwiniwake, atachoka ku Germany mu 1933 a Nazi atalowa m'boma n'kuyamba kuphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America mu 1936, ankadyetsa ophunzira ake Bach, Mozart, Beethoven ndi Brahms, za manoti 12 sankazilowetsa kwenikweni m'kalasi.

Nanga zinatani kuti njira ya munthu mmodziyi idzakhale ngati lamulo m'mayunivesite? Nkhondo. A Nazi ankati nyimbo zoterezi n'zowola, mu 1938 anachita kupanga chionetsero ku Düsseldorf chozinyoza, ndiye nkhondo itatha achinyamata ankaona kuti chilichonse chomwe Hitler ankadana nacho ndiye choyambira. Mu 1946 mu mzinda wa Darmstadt, womwe unali utaphwasulidwa ndi mabomba, anayambitsa maphunziro a pa holide a nyimbo zatsopano omwe akadalipo mpaka pano, ndipo m'ma 1950 kumeneko n'komwe ankakumana a Pierre Boulez, Karlheinz Stockhausen ndi Luigi Nono. Anyamatawa ankaona kuti Schoenberg anasiyira panjira, anasanja manoti okha koma kayendedwe ka nyimbo kanakhalabe ka makolo. Iwo anati tisanje chilichonse, kutalika kwa noti kukhale ndi mzere wake wa 12, kufuula kukhale ndi mzere wake, ngakhale kagwiridwe ka kiyi. Boulez mu 1952 analemba ya mapiyano awiri yomwe gawo lake loyamba limatuluka pafupifupi lonse m'matebulo a manambala.

Ku America ndiye zinakhazikika mwa mtundu wina. Milton Babbitt wa ku Princeton, yemwe anali katswirinso wa masamu, analemba nkhani mu magazini mu 1958 yonena kuti wopeka nyimbo wamakono ali ngati wasayansi, munthu wamba sangamve fizikisi yapamwamba ndiye asayembekezerenso kumva nyimbo zapamwamba, ndipo yunivesite ndiyo iyenera kusunga anthu oterewa. Mu 1973 Allen Forte wa ku Yale anatulutsa buku lomwe limasandutsa manoti manambala 0 mpaka 11 ndi kupatsa gulu lililonse la manoti nambala yake, ndipo kusanthula kotereku kukuphunzitsidwabe. Ine ndimaona kuti china chomwe chinapangitsa kuti yunivesite izikonde zimenezi n'choti zimachongeka. Wophunzira akabwera ndi pepala la manambala utha kuloza kuti apa walakwitsa, pomwe kuchonga kuti apa pakoma kapena sipakoma n'kovuta. Vuto lake munthu atha kukhoza bwinobwino ndi nyimbo yomwe iye mwini sakuimva m'mutu, ndipo kunena zoona apa ndi pomwe maphunzirowa amaonongera anthu ena.

Chosangalatsa n'choti amene anayamba kuona ming'alu anali a m'kati momwemo. John Cage ku New York ankachita zosiyana kotheratu, mu 1951 ankasankha manoti poponya makobidi, ndipo mu 1952 anabweretsa ija yomwe woyimba piyano amakhala mphindi 4 ndi masekondi 33 osagunda kiyi, kuti anthu amve mphepo, mvula ndi kunong'ona kwawo komwe. Nde anthu atayerekeza zoponya makobidi ndi zowerengera bwino zija, khutu silinkasiyanitsa kwenikweni, zonse zinkamveka ngati timadontho tobalalika. Iannis Xenakis, Mgiriki yemwe ankagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba kwa Le Corbusier, analemba mu 1955 kuti mizere ikachuluka chonchi munthu samvanso mizere, amangomva chimulu cha phokoso, ndiye bwanji osangolemba chimulucho mwadala. György Ligeti wa ku Hungary anachita zomwezo mu Atmosphères ya mu 1961, pomwe woyimba vayolini aliyense ali ndi mzere wakewake koma womvera amamva chinthu chimodzi chachikulu chikufufuma, kuwala, kenako kuda. Krzysztof Penderecki ku Poland analembera zida 52 za zingwe pogwiritsa ntchito zizindikiro zojambula yekha chifukwa manoti akale sankakwanira.

Kuchoka apo maso anatembenukira pa liwu lenilenilo. Chingwe chikanjenjemera ka 100 pa sekondi chimatulutsanso timawu tina pa 200, 300, 400 kumangokwera, ndipo kusakanikirana kwa timawuti ndi komwe kumasiyanitsa gitala ndi lipenga olo zikuyimba noti imodzi. Gérard Grisey wa ku France mu Partiels ya mu 1975 anatenga noti imodzi, E yotsika ya tromboni, n'kugawira oyimba 18 timawu tomwe tili mkati mwake, moti gulu lonse limamanga pang'onopang'ono liwu lomwe lipenga limatulutsa m'kuphethira kwa diso. Timawu tina timagwera pakati pa makiyi a piyano, ndiye wophunzira amayenera kuzolowera theka la theka la sitepe. Ku Paris kuli IRCAM, malo ofufuzira nyimbo ndi makompyuta omwe anatsegulidwa mu 1977 motsogozedwa ndi Boulez yemwe uja, ndipo Kaija Saariaho wa ku Finland, amene anamwalira mu 2023, anakulira luso lake kumeneko. Za makina zinayamba kale, mu 1948 Pierre Schaeffer anajambula phokoso la masitima apamtunda n'kulidula, kulibwereza, kulisanja kukhala nyimbo, ndipo pulodyusa aliyense wodula masampulo pa laputopu lero akuyenda m'njira yomwe analambula bamboyu. Kuyunivesite gawo limeneli amaphunzira ndi mapulogalamu monga Max, Pure Data ndi SuperCollider.

Tsono gawo lomwe limandikhudza kwambiri ndi ili, chifukwa likudutsa kwathu konkuno ndipo ambiri sitidziwa. Arthur Morris Jones anali mmishonale wa Anglican ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, anakhala zaka zambiri pa sukulu ya St Mark's ku Mapanza, ndipo anatengeka ndi ng'oma mpaka anapanga kamakina kolemba kugunda kulikonse pa pepala loyenda. Mu 1959 anatulutsa buku la Studies in African Music, lambiri ndi la ng'oma za Aewe a ku Ghana koma muli za Alala a ku Zambia, ndipo mfundo yake yaikulu inali yoti ng'oma iliyonse ili ndi kayendedwe kake kobwerezabwereza ndipo poyambira pake sipakumana ndi pa inzake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 bukuli linafika m'manja mwa Steve Reich, mnyamata yemwe ankaphunzira ku Mills College ku California kwa Luciano Berio, ankalemba za manoti 12 zija koma mzere wake ankangoubwereza osautembenuza, mpaka Berio anamuuza kuti ngati akufuna kulemba nyimbo zokhala ndi do angolemba basi. Mu 1970 Reich anapita ku University of Ghana kukaphunzira kwa katswiri wa ng'oma Gideon Alorwoyie, anakhalako masabata asanu malungo n'kumubweza, ndipo atabwerera analemba nyimbo ya Drumming.

Kuti mumve mmene sitayilo yake imagwirira ntchito, itanani mnzanu muyese Clapping Music ya mu 1972, imangofuna manja. Werengani mpaka 12 mobwereza. Ombani katatu, pumani kamodzi, ombani kawiri, pumani, ombani kamodzi, pumani, ombani kawiri, pumani. Mmodzi asasinthe mpaka mapeto. Winayo abwereze kangapo limodzi naye kenako adumphe kugunda kumodzi kuti atsogole, abwerezenso kangapo, adumphenso. Kudumpha kulikonse kumabala kayendedwe katsopano komwe palibe mwa awirinu akukaomba, kamangotuluka pakati panu, ndipo pa ulendo wa 12 mumakumananso. Mukaphonyana musadandaule, ophunzira a chaka choyamba amaphonyananso. Koma munthu amene anakulira pafupi ndi ng'oma za gule kapena anaonako anthu awiri akulowetsana ndodo pa mangolongondo sachedwa kuzindikira chomwe chikuchitika. Sitayilo imeneyi, pamodzi ndi za Terry Riley ndi Philip Glass, mapulofesa ambiri poyamba ankaipeputsa kuti ndi yachibwana, pano ili pa silabasi.

Ligeti nayenso anafika pomwepa kudzera njira ina. Mu 1982 akuphunzitsa ku Hamburg, wophunzira wake Roberto Sierra anamumvetsa malipenga a Abanda Linda a ku Central African Republic omwe anajambula wofufuza nyimbo Simha Arom, gulu lomwe munthu aliyense amaliza noti imodzi yokha pa nthawi yake. Anawerenganso zolemba za Gerhard Kubik wa ku Vienna zokhudza amadinda, mangolongondo a ku Uganda, pomwe anthu awiri akamagunda mothamanga molowetsana khutu limadzipangira nyimbo zina zomwe palibe akuziyimba. Kubik ameneyu ndi yemwe uja anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967 n'kukhala zaka zambiri akugwira ntchito ndi banja lawo ku Chileka. Mu 1985 Ligeti anatulutsa buku loyamba la Études zake za piyano, ndipo mu yoyambirira dzanja lamanja limayenda pa makiyi oyera okha, lamanzere pa akuda okha, limodzi likumatsogola pang'onopang'ono mpaka zimveke ngati anthu awiri osiyana liwiro. Izi lero zimawerengedwa m'gulu la nyimbo zapamwamba zedi za piyano za m'zaka za m'ma 1900. Chimandipweteka n'choti m'kalasi dzina la wopeka wa ku Ulaya limakhala pamwamba pa bolodi pomwe eni ng'oma ndi malipenga amatchulidwa modutsa ngati mtundu chabe, ngakhale Reich ndi Ligeti eniake sanabise komwe anatapa, ndipo Alorwoyie anadzakhala pulofesa ku University of North Texas.

Zonsezi ndi za m'kalasi ya mbiri ndi kusanthula, koma pomwe munthu amaphunzirira kupeka kwenikweni ndi pawiri. Poyamba ndi pa phunziro la iwe ndi mphunzitsi wako awiriwiri, nthawi zambiri kamodzi pa sabata, umabwera ndi masamba omwe walemba iye n'kumafunsa kuti apa wafuna chani, bwanji zasintha msanga chonchi, ukuimva kapena wangolemba. Kachiwiri ndi tsiku lomwe oyimba enieni amakhala pansi kuyimba zomwe walemba. Pa kompyuta, kaya ndi pulogalamu ya Sibelius kaya ya Dorico, chilichonse chimalira bwinobwino chifukwa kompyuta sipuma mpweya. Tsiku limenelo ndi pomwe woliza chitoliro amakweza dzanja kufunsa kuti apume pati mu mzere wautali chonchi, wa vayolini amakuuza kuti noti iyi ili pansi pa G ndipo chida chake sichifikako, wa klarineti ya B flat amakukumbutsa kuti zomwe amawerenga zimamveka sitepe imodzi pansi ndiye pepala lake unayenera kulikweza, wa harp akuti mapedulo 7 sangawasinthe onse ndi mapazi awiri mu sekondi imodzi. Manyazi amakugwira koma zomwe wamva tsiku limenelo suziiwala. Ndipo poti masiku ano ambiri amalemba zoti chida chilire mosazolowereka, kukwecha uta kuseri kwa mlatho wa chelo, kuuzira mpweya wokha mu lipenga, njira yomwe anaikuza Helmut Lachenmann wa ku Germany kuyambira kumapeto kwa m'ma 1960, kukhala pansi ndi woyimba kumafunika kuposa kale.

Pano palibenso sitayilo imodzi yolamulira ngati m'ma 1950 ndi 1960, mu kalasi imodzi mutha kupeza wina wa manambala, wina wotsatira bata la Arvo Pärt wa ku Estonia yemwe mu 1976 anabwerera ku makodi osavuta, wina wongofuna kulemba za mafilimu ndi magemu. Koma sukulu iliyonse ili ndi komwe imapendekera, ndipo zimatengera kwambiri amene akuphunzitsa. Astor Piazzolla anapita ku Paris mu 1954 kwa mphunzitsi Nadia Boulanger atanyamula nyimbo zofanana ndi za Stravinsky ndi Bartók, tango ya kwawo ku Argentina akuibisa, mayiwo atamumva akuyimba tango anamuuza kuti asaisiye. Si aphunzitsi onse ali ndi khutu lotere, ndiye amene akuganiza zofunsira malo ayambe wamvera nyimbo za aphunzitsi a pa sukulupo asanayang'ane kutchuka kwa dzina la yunivesite. Pofunsira nthawi zambiri amafuna nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe unalemba wekha, pa manoti a mizere isanu aja, ndi zojambula zake ngati zilipo. Solfa yokha sikwanira, ndiye wa kwaya ayambiretu kusamutsa nyimbo zake, MuseScore ndi yaulere ndipo imagwira pa laputopu wamba.